Blue Badge: zomwe zimavuta pofunsira ku khonsolo, ndi zomwe muli ndi ufulu wopempha

Amene mumayenda m'misewu ya tawuni yathu ino mwakaonapo kachikhadi kabuluu kali pa dashibodi ya galimoto, kali ndi chizindikiro cha munthu wokhala pa njinga ya olumala. Imeneyo ndiyo Blue Badge, baji yomwe imalola munthu waulumali kuimika galimoto pafupi ndi komwe akupita. Kwa munthu wamiyendo yabwinobwino, mamita 200 kuchokera poimika magalimoto kukafika pakhomo la chipatala si kanthu. Koma kwa amene amabanika akangoponya mapazi khumi, kamtunda kameneko n'kokwanira kumulepheretsa kukaonana ndi dokotala.

Ndakhala ndikuthandiza anthu angapo kufunsira bajiyi, ena akuluakulu a kutchalitchi kwathu, ena oyandikana nawo nyumba. Chomwe ndimaona nthawi zonse n'chimodzi. Baji ndi ya anthu ovutika kuyenda, kuona kapena kukumbukira, koma njira yoipezera imafuna munthu wamaso akuthwa, wazala zogwira bwino, wa intaneti m'nyumba, amenenso Chingerezi chimatuluka bwino. Ambiri amagwa ulesi fomu ili pakati. Komatu lamulo la dziko lino silinasenzetse katundu ameneyu munthu waulumali. Linasenzetsa khonsolo. Ndiye ndasonkhanitsa pano zonse zofunika kudziwa, kuti wina akamakuuzani kuti "timalandira za pa intaneti zokha", mudziwe choyankha.

Zomwe ndikufotokozazi ndi za ku England. Ku Scotland, ku Wales ndi ku Northern Ireland malamulo ake ndi osiyanako pang'ono.

Komwe bajiyi inachokera

Maziko ake ndi lamulo la 1970 lotchedwa Chronically Sick and Disabled Persons Act. Analibweretsa ku nyumba ya malamulo ndi Alf Morris, phungu wa dera la Wythenshawe ku Manchester, yemwe bambo ake anabwera atalumala kuchokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mabaji oyamba anatuluka mu 1971 ndipo anali a mtundu wa olenji. Abuluuwa anayamba mu Epulo 2000. Mu Januwale 2012 boma linasintha kapangidwe kake kuti akamberembere asamathe kupanga achinyengo. Kusintha kwina kwakukulu kunachitika pa 30 Ogasiti 2019, pomwe anthu a ulumali wosaoneka ndi maso, monga autism, matenda oiwalaiwala a dementia ndi matenda ena a m'maganizo, anayamba kuloledwa momveka bwino kufunsira. Pofika kumapeto kwa Malichi 2023, ku England kunali mabaji pafupifupi 2.57 miliyoni.

Amene amapereka ndani?

Malamulo ndi malangizo amachokera ku unduna woona zamtengatenga, Department for Transport, koma wolandira fomu yanu, kuiunika ndi kugamula ndi khonsolo ya komwe mukukhala. Apa mpomwe ambiri amasokonezeka. M'madera momwe muli makhonsolo awiri, ya boma laling'ono ndi ya chigawo chonse, bilu ya Council Tax imachokera ku yaing'onoyo koma za Blue Badge kawirikawiri zimakhala m'manja mwa yaikuluyo. Mwachitsanzo, wokhala mumzinda wa Leicester amafunsira ku Leicester City Council, pomwe wokhala ku Loughborough, mtunda wochepa chabe kuchokera pamenepo, wake ndi Leicestershire County Council. Mukalemba positikodi yanu pa GOV.UK, imakulozerani khonsolo yoyenera.

Chifukwa choti khonsolo iliyonse imadzikonzera yokha kayendetsedwe kake, anthu awiri odwala mofanana atha kukumana ndi zosiyana: wina baji kutuluka masabata atatu, wina kuitanidwa kokayesedwa, winanso kukanidwa kumene.

Mtengo wake ku England sudutsa £10. Ku Scotland umafika £20, ku Wales ndi yaulere. Ndalamayi ndi ya baji yomwe yatuluka, choncho ngati munalipiriratu koma akukanani, ikuyenera kubwezedwa. Baji imagwira ntchito kosapitirira zaka 3. Chenjerani ndi masamba a pa intaneti ooneka ngati aboma omwe amalipiritsa ndalama zambiri kuti "akuthandizeni". Malo ofunsira ndi GOV.UK kapena khonsolo yanu, basi.

Makomo awiri olowera

Khomo loyamba ndi la anthu omwe amayenera kulandira popanda kuunikidwanso. Mumalowera pamenepa ngati chimodzi mwa izi chikukukhudzani:

- mumalandira gawo lapamwamba la ndalama za kayendedwe mu Disability Living Allowance;
- mumalandira PIP ndipo munapatsidwa mapointi 8 kapena kuposerapo pa gawo la kuyenda ndi miyendo, kutanthauza kuti simungapitirire mamita 50;
- mumalandira PIP ndipo munapatsidwa mapointi 10 pa gawo lokonza ndi kutsatira ulendo, pa chifukwa chenichenicho choti kuyenda ulendo uliwonse kumakusautsani maganizo koopsa;
- munalembedwa m'kaundula wa anthu osaona;
- mumalandira War Pensioners' Mobility Supplement, kapena munalandira chipepeso cha asilikali ovulala kwambiri ndipo zinatsimikizidwa kuti ulumali wanu ndi wokhalitsa komanso umakulepheretsani kuyenda.

Pa mfundo yachitatuyo pamakodwa anthu ambiri. Ku England, mapointi 12 pa gawo la ulendo sakulowetsani pakhomo loyambali, ngakhale ali ochuluka kuposa 10. Chomwe amayang'ana ndi chifukwa chomwe mapointiwo anaperekedwera. Komanso Attendance Allowance, yomwe okalamba ambiri amalandira, simapereka baji yokha. Popeza munthu amene wadutsa msinkhu wa penshoni ya boma sangayambe kufunsira PIP kwatsopano, agogo ambiri amalowera khomo lachiwiri.

Khomo lachiwirili ndi la omwe khonsolo iyenera kuwaunika kaye. Muyenera kuonetsa kuti muli ndi ulumali waukulu komanso wokhalitsa, woyembekezeka kutenga zaka zosachepera zitatu, womwe umachititsa kuti musathe kuyenda, kapena muzivutika kwambiri poyenda, kuphatikizapo kusautsika maganizo koopsa, kapena mukhale pachiopsezo chovulala kapena kuvulaza ena mukamayenda. Amalowanso apa madalaivala omwe manja awo onse awiri ndi olumala moti sangathe kugwiritsa ntchito makina olipirira poimika galimoto, ndi ana osakwana zaka 3 omwe amayenda ndi zipangizo zikuluzikulu zachipatala kapena ayenera kukhala pafupi ndi galimoto nthawi zonse. Kuthyoka mwendo komwe kuchire pakatha miyezi ingapo sikuwerengedwa.

Sikuti mpaka mukhale ndi galimoto yanu kapena laisensi ayi. Baji ndi ya munthu, si ya galimoto.

Zomwe adzafune

Konzeranitu izi musanayambe fomu: chiphaso chokudziwitsani monga pasipoti, laisensi kapena setifiketi yobadwira, umboni wa komwe mukukhala monga bilu ya Council Tax, chithunzi chaposachedwa choonetsa mutu ndi mapewa, nambala ya National Insurance ngati muli nayo, nambala ya baji yakale ngati mukufunsiranso, ndi kalata ya PIP kapena DLA, masamba onse, makamaka loonetsa mapointi. Olowera khomo lachiwiri awonjezere makalata achipatala ndi mndandanda wa mankhwala omwe amamwa. Munthu wina, kaya mwana wanu, mnzanu kapena wokusamalirani, ndi wololedwa kukudzazirani fomu.

Pomwe pamakhala minga

*Intaneti yokhayokha.* Makhonsolo ambiri amakankhira aliyense ku fomu ya pa intaneti chifukwa imawachepetsera ntchito ndi ndalama. Fomu yapepala nthawi zina imakhalapo koma sailengeza, mpaka muchite kuifunsa. Kwa munthu wosaona bwino, wonjenjemera manja, wodwalapo sitiroko kapena amene sanagwirepo kompyuta, khomo lotereli ndi lotseka.

*Zithunzi ndi mapepala.* Kujambula kalata ya masamba asanu ndi foni, kuchepetsa kukula kwake, n'kuitumiza popanda tsamba lina kusowa, ndi ntchito yomwe imatopetsa ngakhale achinyamata. Tsamba limodzi likasowa, fomu imaima, ndipo uthenga wokudziwitsani umabwera pa imelo yomwe mwina simutsegula kawirikawiri.

*Umboni wachipatala.* Kale kalata ya dokotala wa pa sajale, GP uja, inali yokwanira. Kuyambira Epulo 2012 boma linati pomwe pali chikayiko, aziunika ndi katswiri wosadalira mbali, monga wa mafizo kapena woona momwe munthu amagwirira ntchito za tsiku ndi tsiku. Lero makhonsolo ambiri saipatsa mphamvu kalata ya GP, amafuna ya dokotala wamkulu wa nthendayo. Musathamangire kulipira kalata ya GP musanafunse ngati khonsolo yanu iilandire. Makalata omwe muli nawo kale, a kuchipatala chachikulu, a mafizo, a sukulu ya mwana kapena a ogwira ntchito zosamalira anthu, nthawi zambiri amathandiza kwambiri. Vuto n'lakuti amene akudikirabe pamzere kuti akaonane ndi katswiri alibe kalata yoti aonetse, pomwe ululu ali nawo kale.

*Kokayesedwa.* Ena amaitanidwa kuti akawaone momwe amayendera. Malo ake atha kukhala kutali, poimika galimoto palibe, nthawi yake m'mamawa pomwe mafupa asanamasuke. Woyesayo amayang'ana liwiro, mtunda, ululu, kubanika ndi kudzandira, ndipo kawirikawiri amayamba kukuonani mukungodzuka pampando wodikirira. Pano ndinene za ife Amalawi. Tinaleredwa kuti munthu akafunsa "muli bwanji", yankho ndi "ndili bwino, kaya inu". Mayi wachikulire amavala zakutchalitchi, kulimba mtima, kuyenda mowongoka pamaso pa mlendo, n'kukagona masiku awiri akafika kunyumba. Ulemu umenewo kokayesedwa umakupwetekani. Osakokomeza, osanama, koma nenani zonse: masiku oipa amakhala angati pasabata, mumaima kangati pochoka pakhomo kukafika pa siteji ya basi, munagwapo liti, zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti mpweya ubwerere.

*Ulumali wosaoneka.* Ngakhale lamulo linasintha mu 2019, kayendetsedwe sikanasinthe mofanana paliponse. Kafukufuku wa BBC yemwe anatuluka mu Januwale 2021 anapeza kuti m'makhonsolo ambiri omwe anapereka ziwerengero zawo, ofunsira pa chifukwa cha ulumali wosaoneka ankavomerezedwa mochepa poyerekeza ndi a ulumali wa m'thupi. Apa dzina la nthenda palokha silikwanira. Kulemba kuti "mwana wanga ali ndi autism" sikufotokoza kanthu kwa wounika. Lembani zomwe zimachitika pakati pa galimoto ndi khomo: amapulumuka m'manja n'kuthamangira mumsewu, amadzigwetsa pansi osadzukanso, sazindikira kuopsa kwa galimoto, zimachitika kangati, ndipo mwayesapo njira ziti zomwe zakanika.

*Kudikira.* GOV.UK imati khonsolo kawirikawiri imagamula pasanathe masabata 12. Imeneyo ndi miyezi itatu. Baji siidzikonzanso yokha ikatha, ndipo si makhonsolo onse amakumbutsa. Yakutha siigwira ntchito ngakhale mutakhala kuti mwafunsira kale ina, ndiye yambani kukadali masabata 12. Ngati baji yanu inatuluka chifukwa cha PIP ndipo PIP yo ikutha zaka zitatu zisanakwane, bajinso imathera pomwepo. Kwa odwala matenda omwe madokotala anena kuti sachira ndipo masiku atsala ochepa, makhonsolo ambiri amafulumizitsa akaona fomu ya SR1 yochokera kwa dokotala kapena namwino. Muzinena zimenezi poyambirira penipeni.

*Mapepala okhalira m'dziko.* Abale athu ambiri ali kuno pa viza yokhala ndi lamulo lija la "no recourse to public funds". PIP ndi DLA zili pa mndandanda wa thandizo loletsedwa kwa iwo, choncho khomo loyamba kwa ambiri ndi lotseka, pokhapokha ngati analembedwa m'kaundula wa osaona. Koma Blue Badge payokha siili pa mndandandawo. Munthu wotere, kapena mwana wake, atha kufunsira kudzera khomo lachiwiri ngati akukhala m'dera la khonsoloyo.

Lamulo likuti chiyani?

Chida chanu chachikulu ndi Equality Act 2010. Gawo 20 la lamuloli limalamula opereka ntchito kwa anthu, kuphatikizapo makhonsolo, kusintha kachitidwe kawo moyenera ngati kakuika munthu waulumali pamavuto aakulu poyerekeza ndi ena. Pachingerezi amati "reasonable adjustments", ndipo mawu awiri amenewa muwaloweze, chifukwa ndi omwe ogwira ntchito ku khonsolo amawamva msanga. Pali zinthu zitatu zoti mudziwe. Choyamba, khonsolo siyenera kudikira kuti wina adandaule kaye. Ikuyenera kuganiziratu kuti kudzabwera osaona, osamva ndi ovutika kuwerenga, n'kukonzeratu njira zawo. Chachiwiri, udindowu ukuphatikizapo kupereka uthenga m'njira yomwe munthuyo angathe kuumva. Chachitatu, n'koletsedwa kukulipiritsani chifukwa cha kusinthako.

Gawo 149 la lamulo lomweli limati nthambi zaboma ziziganizira anthu aulumali pa chiganizo chilichonse chomwe zikupanga. Khonsolo ikafuna kutseka ofesi yomwe anthu amafikapo kapena kuthetsa mafomu apepala, ikuyenera kuyamba yaganizira omwe akhudzidwe.

Palinso malamulo a 2018 okhudza masamba a pa intaneti a nthambi zaboma. Pofika pa 23 Sepitembala 2020, masamba onse akale anayenera kukhala atakonzedwa kuti munthu wogwiritsa ntchito makina owerenga mokweza, kapena kiyibodi yokha, athe kuwagwiritsa ntchito. Khonsolo iliyonse iyeneranso kuika chikalata chonena mbali zomwe sizinakonzedwe ndi momwe mungapemphere uthengawo m'njira ina.

Chimodzi chomwe lamulo la ulumalili silikhudza ndi chilankhulo. Kusadziwa bwino Chingerezi si ulumali. Komabe makhonsolo ambiri ali ndi otanthauzira a pa foni, ndiye funsani ngati angapeze wa Chichewa, kapena pitani ndi munthu wanu. Otanthauzira chinenero chamanja cha BSL kwa osamva, amenewo ndiye ali mkati mwa lamulo.

Zomwe mungapemphe, ndi kapemphedwe kake

Akulu anati safunsa anadya phula. Malinga ndi vuto lanu, mutha kupempha:

- fomu yapepala, ya zilembo zikuluzikulu, ya braille kapena yolembedwa m'mawu osavuta;
- kudzaza fomu pa foni ndi wogwira ntchito ku khonsolo, kapena pamaso ndi pamaso ku ofesi kapena ku laibulale;
- kutumiza makope a mapepala pa positi kapena kukawaonetsa nokha;
- kuti azikulemberani kalata m'malo mwa imelo, kapena imelo m'malo mwa foni ngati simumva bwino;
- kuti azilankhula ndi munthu amene mwamusankha;
- nthawi yowonjezera yosonkhanitsira umboni;
- malo oyeserako apafupi, nthawi ina ya tsiku, kubwera ndi wokuperekezani, kapena kuyesedwa kunyumba ngati simungathe kutuluka.

Si zonse zomwe angavomere, chifukwa lamulo limati kusinthako kukhale koyenera, koma sangangokana popanda kuganizira nkhani yanu. Pemphani polemba. Mizere inayi ndi yokwanira: ndine wakuti, ndili ndi vuto lakuti, limandilepheretsa kuchita chakuti, ndikupempha chakuti ngati "reasonable adjustment" potsatira Equality Act 2010. Mukaimba foni, lembani tsiku, nthawi ndi dzina la amene mwalankhula naye. Tumizani makope, mapepala enieniwo sungani, ndipo jambulani fomu yonse musanaitumize. Ngati mukufuna wokuthandizani, Citizens Advice ndi Age UK amathandiza mwaulere, ndipo bungwe la Scope lili ndi foni yopereka malangizo kwa anthu aulumali.

Akakukanani

Khonsolo ikakana, ikuyenera kukupatsani zifukwa polemba. Ku England kulibe bwalo lapadera la apilo pa nkhani ya Blue Badge monga lilili la PIP, koma malangizo a boma amati khonsolo iliyonse ikhale ndi njira younikanso chigamulo. Werengani kalatayo bwino, chifukwa mumakhala tsiku lomalizira, nthawi zambiri masiku 28.

Popempha kuti aunikenso, kungolemba kuti "sindikugwirizana nazo" sikuthandiza. Tengani chifukwa chilichonse chomwe apereka n'kuchiyankha. Ngati akuti munayenda mamita ambiri popanda vuto, fotokozani zomwe zinachitika pambuyo pake. Ngati akuti umboni ndi wochepa, funsani kuti akufuna wotani. Mulinso ndi ufulu wopempha zonse zomwe alemba zokhudza inu, kuphatikizapo lipoti la wokuyesani, ndipo ayenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi.

Ngati vuto lili pa kayendetsedwe, monga kuchedwetsa, kutaya mapepala, kusayang'ana umboni womwe munatumiza kapena kukana kukusinthirani njira, lembani dandaulo kudzera ku nthambi ya madandaulo ya khonsoloyo. Zikakanika pamenepo, pitani kwa Local Government and Social Care Ombudsman. Ndi kwaulere, ndipo kawirikawiri amafuna kuti mufike pasanathe miyezi 12 chidziwireni vutolo. Dziwani kuti Ombudsman sapereka baji, komanso sasintha chigamulo chifukwa chongoti iye akanagamula mwina. Amayang'ana ngati khonsolo inatsata ndondomeko. Akapeza cholakwika, atha kuiuza kuti iunikenso, ipepese, ilipire kenakake kapena ikonze kachitidwe kake.

Mlandu wa tsankho pansi pa Equality Act umapita ku County Court, ndipo nthawi yake ndi yochepa: miyezi 6 kuchokera tsiku lomwe zinachitika. Musanaganize zakukhoti, funsani kaye malangizo ku Equality Advisory and Support Service kapena ku Citizens Advice. Ndipo kukanidwa kamodzi sikutseka khomo mpaka kalekale. Matenda akakula kapena mukapeza umboni watsopano, funsiraninso.

Mukailandira

Baji imagwira ntchito m'misewu ya boma. Mutha kuimika kwaulere pamalo olipira a m'mbali mwa msewu ndi pamalo olembedwa kuti ndi a olumala, pokhapokha chikwangwani chitanena malire a nthawi. Pa mizere yachikasu mutha kuima mpaka maola 3, mutaonetsa baji ndi kawotchi kapepala kamene kamabwera nayo, koma osati pomwe pali chiletso chokweza ndi kutsitsa katundu, chomwe chimaoneka ndi timizere tachikasu pa mwala wa m'mphepete mwa msewu. Poimika magalimoto pa masitolo akuluakulu, pa eyapoti ndi malo ena a eni ake pamakhala malamulo awoawo, choncho werengani chikwangwani. Pakati pa London samalani kwambiri: City of London, Westminster, Kensington and Chelsea ndi mbali ina ya Camden ali ndi ndondomeko zawo, ndipo baji yanu kumeneko siikupatsani zonse zomwe imakupatsani kwina. Kuti musalipire Congestion Charge muyenera kulembetsa kaye ku Transport for London.

Ikani baji mbali ya nambala ndi tsiku lothera ikuyang'ana kumwamba, chithunzi chili pansi. Musabwereke wina, ngakhale mwana wanu amene akukakugulirani mankhwala inu muli kunyumba. Kuigwiritsa ntchito molakwika ndi mlandu wa chindapusa chofika £1,000, ndipo kuyambira 2013 oyang'anira poimika magalimoto ali ndi mphamvu yoilanda. Mwini wake akamwalira, baji ibwezedwe ku khonsolo.

Zomwe tingafunse makhansala athu

Munthu mmodzi akapempha kusinthiridwa njira, amathandizika yekha. Kuti khomo litsegukire onse, pafunika kufunsa omwe tinawasankha. Makhansala amakhala ndi masiku okumana ndi anthu a m'wodi yawo, ndipo misonkhano yambiri ya khonsolo imalola anthu wamba kufunsa mafunso akalembetseratu. Komanso pansi pa Freedom of Information Act 2000, aliyense atha kulembera khonsolo kufunsa ziwerengero, ndipo iyenera kuyankha pasanathe masiku 20 ogwira ntchito.

Mafunso omwe ine ndikuona kuti ndi ofunika ndi awa. Kodi fomu yapepala ilipo, ndipo munthu wopanda intaneti angadziwe bwanji kuti ilipo? Kodi pali malo m'tawuni muno omwe munthu angapite kukathandizidwa pamaso ndi pamaso? Fomu imatenga masabata angati kuti iyankhidwe? Mwa ofunsira chifukwa cha ulumali wosaoneka, amavomerezedwa ndi angati poyerekeza ndi enawo? Mwa omwe anakanidwa n'kupempha kuti aunikenso, ndi angati omwe chigamulo chinasintha? Funso lomalizali ndi lofunika zedi, chifukwa ngati zigamulo zambiri zimasintha pa ulendo wachiwiri, ndiye kuti pali chomwe chikulakwika pa ulendo woyamba, ndipo omwe analibe mphamvu zolimbana nazo anangotsala opanda baji. Funsaninso ngati anthu aulumali eniake anafunsidwa maganizo pomwe fomu ndi makalata a khonsolo ankakonzedwa.

N'zoona kuti makhonsolo ali ndi ndalama zochepa, ofunsira akuchuluka chaka ndi chaka, ndipo ayenera kuteteza malo ochepawa kwa achinyengo. Palibe akutsutsa kuti aziunika. Koma kuunika ngati munthu ali woyenera ndi nkhani ina, kumulepheretsa kufika pomwe angaunikidwe ndi nkhani inanso. Fomu yapepala, foni yoyankhidwa ndi munthu, ndi kalata yokana yofotokoza zifukwa momveka si chifundo chomwe khonsolo ikutichitira. Ndi zomwe lamulo ndi malangizo a boma amayembekezera kwa iyo. Ngati muli ndi kholo, mnansi kapena mnzanu wa kutchalitchi amene anasiya fomu pakati, muuzeni kuti njira ina ilipo, ndipo mukhale naye pansi mulembe limodzi kalata ya mizere inayi ija.